Kachipsera kolowa mkati pankhope: zoyenera kutsata musanalole mpeni

Mng'ono wanga anadwala katsabola ali Sitandade 4, ndipo tizilonda tonse titapola panatsala kadzenje kamodzi patsaya lakumanzere, kakukula ngati njere ya mapira. Anthu ambiri sakaona n'komwe, koma mwini wake amakaona m'mawa uliwonse akamadzola mafuta. Chaka chatha, chinkhoswe chake chitatsala milungu 6, anabwera kwathu ku Chibavi ali ndi nkhani. "Achemwali," anatero, "pali mayi wina kusaluni ali ndi mankhwala a m'kabotolo, akuti akangodontheza kamodzi kadzenjeka katha." Ndinamugwira mkono n'kumupempha kuti ayambe wadikira. Kuyambira tsiku limenelo tinayenda limodzi kwa madokotala, tinafunsa, tinaphunzira, ndipo zomwe ndikulembazi ndi zimene ndikanakonda wina akanatiuza pachiyambi.

Mawu oyamba amene dokotala woona mtima angakuuzeni ndi akuti palibe opaleshoni yofufuta chipsera. Chimene iye amachita n'kusinthanitsa: amachotsa chipsera chooneka kwambiri n'kukusiyirani china chosaoneka msanga. Kadzenje kamaonekera chifukwa kamasunga mthunzi. Kamzere kosalala sikasunga mthunzi, choncho diso limangodutsapo. Mukalowa m'chipinda cha dokotala mukudziwa zimenezi, simudzakhumudwa ndi zotsatira zabwino poziyesa zoipa.

Yambani ndi kutsimikiza kuti ndi chipseradi

Chipsera chimakhala ndi mbiri yake. Mumakumbukira kuti apa panali chiphuphu chachikulu chimene munachifinya, apa munagwa pakabaza pamsewu wa ku Luwinga, apa agogo anakutemerani mphini muli mwana. Khungu likavulala mozama limataya kolajeni, timinyewa timene timalilimbitsa kunsi, ndiye pochira malowo amatsala otsika.

Koma pali tizidzenje tina tongobwera popanda bala, ndipo timeneti sitifuna kukongoletsedwa, tikufuna kuyezedwa. Kadzenje ka pachibwano kapena m'munsi mwa tsaya kamene nthawi zina kamatulutsa timafinya n'kuuma, kenako n'kuyambiranso, kawirikawiri gwero lake ndi dzino lowola. Mafinya a kumuzu kwa dzino amadziboolera njira mpaka kutulukira pakhungu, ndipo njirayo imakokera khungu mkati. Mutadula pamenepo kangati, kadzabwereranso mpaka dzinolo litathandizidwa. Kachilonda kosapola kwa mwezi wathunthu, kotuluka magazi mukangokakhudza, kapena kokula pang'onopang'ono, kakhoza kukhala khansa ya pakhungu. Abale athu a khungu lachialubino asazengereze ngakhale sabata imodzi akaona zotere. Palinso khungu limene lalowa mkati chifukwa cha jakisoni wa steroid, mankhwala ochepetsa kutupa, kapena mafuta oyeretsa khungu okhala ndi clobetasol, yemwenso ndi steroid. Limeneli nthawi zambiri limabwerera lokha pakapita miyezi mukasiya mankhwalawo, ndiye kulidula n'kudzivulaza chabe.

Chisiyeni chikhwime

Chipsera chatsopano chimasintha kwa miyezi 6 mpaka 12, china mpaka 18. Chimene lero chili chofiirira ndi chozama chikhoza kudzakhala chosalala chaka chamawa inu osachita kalikonse. Madokotala ambiri sadula chipsera chosakwana miyezi 6, pokhapokha chikukoka chikope kapena mlomo. Ndipo ngati ziphuphu zikutulukabe, yambani mwathana nazo. Kukonza zipsera zakale zatsopano zikubadwa n'kukolopa m'nyumba denga likudontha.

Chiyeseni nokha pagalasi

Izi n'zosavuta ndipo zidzakuthandizani kumva zimene dokotala akunena. Sambani kumaso, musadzole kanthu. Usiku, zimitsani getsi, yatsani tochi ya foni n'kuiika chapambali pa nkhope kuti kuwala kudutse mopingasa pakhungu. Kuwala kwa kutsogolo kumabisa kuzama, kwa m'mbali kumaulula. Yang'anani m'mphepete mwa chipseracho, kenako ikani zala ziwiri uku ndi uku n'kutambasula khungu pang'ono.

Ngati ndi kabowo kakang'ono, kosakwana mamilimita 2, koma kozama ngati pobayidwa ndi singano yosokera matumba, ndipo mukatambasula sikasintha, madokotala amakatcha ice pick. Ngati ndi kadzenje kozungulira, pansi pake posalala, m'mbali mwake mochita kudulika ngati dzenje la bawo, ndiye boxcar, ndipo zipsera zambiri za katsabola zili m'gulu limeneli. Ngati ndi malo otsetsereka opanda malire enieni, amene amasalala mukatambasula khungu, ndi rolling. Mwetuliraninso muone: chipsera chikamalowa kwambiri mukamwetulira, ndiye kuti chamangiriridwa ku minofu ya pansi.

Jambulani chithunzi ndi kuwala komweko, ndipo sungani. Pakapita miyezi maso amaiwala momwe zinalili poyamba.

Funso limene ife a khungu lakuda sitiyenera kulidumpha

Apa ndikhalitsapo pang'ono, chifukwa zambiri zimene mungaone pa YouTube kapena TikTok zikuonetsa anthu a khungu loyera, pomwe lathu limachira mwa njira yake.

Choyamba ndi zipsera zotupa, zija amati keloid. Tonse tinaonapo mtsikana amene anaboola khutu n'kumera chotupa cholimba ngati nsawawa, kapena bambo wa zotupa m'chibwano chifukwa chometa ndevu. Zimenezi zimachitika kwambiri kwa anthu a khungu lakuda, zimayenda m'magazi a pabanja, ndipo zimakonda makutu, m'nsagwada, pachifuwa ndi m'mapewa. Dziyang'aneni thupi lonse: pomwe munabayidwa katemera paphewa, poboola makutu, pa opaleshoni yobereka ngati munachitidwapo, pa mphini. Funsaninso amayi anu ndi abale anu. Ngati thupi lanu linatulutsapo keloid, muuzeni dokotala asanakufunseni n'komwe. Kusinthanitsa kadzenje ka mamilimita 3 ndi chotupa choyabwa chimene chimakula chaka ndi chaka ndi malonda oluza, ndipo kwa munthu wotere yankho labwino likhoza kukhala kusadula.

Chachiwiri ndi kuda kwa malo ovulala. Khungu lathu likapsa, likakandika kapena likatupa, limatulutsa utoto wochuluka pamalopo, ndipo banga lakuda limatha kukhala miyezi yambiri. Ichi n'chifukwa chake njira zowotcha kapena zosenda khungu, monga laser ndi asidi, zimafuna munthu wozolowera khungu ngati lathu.

Kopita

Tengani kabuku kanu ka kuchipatala n'kuyambira kuchipatala chaching'ono, monga ku Mapale, kuti akulembereni kalata yokutumizani ku Mzuzu Central, chomwe ndi chipatala chachikulu cha chigawo chonse cha kumpoto. Kumeneko pemphani kuonana ndi a za khungu kapena a opaleshoni. Ena amasankha kuyambira ku St John's kapena kwa dokotala wapulaiveti. Khalani okonzeka kudikira, chifukwa m'chipatala cha boma a ngozi za pamsewu, amoto ndi a zotupa amayamba ndiwo, ndipo n'zomveka. Koma musachite manyazi kunena chimene mwadzera. Nkhope ndi yanu, ndipo chimene chimakusowetsani mtendere ndi nkhani ya umoyo ndithu.

Si njira zonse zimene zimapezeka pamalo amodzi, choncho funsani mwachindunji ngati imene akukulangizaniyo amaichita pompo kapena akutumizani ku Kamuzu Central ku Lilongwe, kapena ku Queens ku Blantyre komwe kuli gawo la opaleshoni yokonza khungu ndi zilonda za moto. Ulendo wa ku Lilongwe ndi wa makilomita oposa 350, ndipo mudzafunika kubwereranso kukaonedwa, ndiye muwerengere thiransipoti ya maulendo awiri kapena atatu, osati umodzi.

Aliyense wogwira mpeni kapena singano pankhope panu ayenera kukhala wolembetsedwa ku Medical Council of Malawi. Kufunsa zimenezi si chipongwe. Funsaninso kuti njirayi waichita kangati pankhope za anthu akuda, ngati ali ndi zithunzi zotengedwa patapita miyezi 6 osati tsiku lochotsa ulusi, komanso chimene adzachite chipsera chikayamba kutupa. Inuyo muuzeni zonse: shuga, BP, ma ARV, mankhwala oletsa magazi kuundana monga aspirin kapena warfarin, isotretinoin ngati munamwapo wa ziphuphu m'miyezi yapitayi, fodya, mimba, ngakhale mafuta oyeretsa khungu amene mumadzola. Mafuta amenewa anthu amawabisa, koma amapepukitsa khungu ndi kuchedwetsa kupola. Mankhwala amene munapatsidwa ndi dokotala musasiye panokha pokonzekera opaleshoni.

Njira zimene angakuuzeni

Pafupifupi zonsezi zimachitika muli maso. Amabaya jakisoni wa lignocaine wochititsa dzanzi pamalopo, amene amaluma kwa masekondi angapo, ndipo ntchito yonse sikawirikawiri kupitirira theka la ola. Mumabwerera kunyumba tsiku lomwelo.

Kwa chipsera cha rolling, chomangiriridwa pansi chija, njira yake ndi subcision. Anaifotokoza koyamba mu 1995 madokotala awiri a khungu a ku New York, David ndi Norman Orentreich. Dokotala amalowetsa singano chapambali pa chipsera, n'kuiyendetsa pansi pa khungu uku ndi uku kudula timinyewa tokokera khungu pansi. Mumamva kulira kwa "tswa tswa" ngati akudula ulusi wa nsalu, koma osamva kuwawa. Timinyewato tikaduka khungu limadzuka, magazi pang'ono amadzaza mpata wotsalawo, ndipo m'miyezi yotsatira thupi limamangamo kolajeni watsopano. Ubwino wake kwa ife ndi woti pamwamba pa khungu pamangotsala pobaya singano, palibe ulusi. Pamatupa ndi kuda kwa sabata imodzi kapena ziwiri, zotsatira zenizeni zimaoneka pakapita miyezi 2 mpaka 6, ndipo nthawi zambiri amabwereza kawiri kapena katatu. Ena amatsala ndi kabulu kolimba pansi pa khungu kamene kamasungunuka pang'onopang'ono. Pa kabowo kozama ka ice pick njirayi sithandiza.

Kwa ice pick ndi boxcar yaing'ono yozama, pali punch excision. Punch ndi kachitsulo kozungulira kakuthwa kukamwa, kooneka ngati nsonga ya bolopeni yochotsa inki, ka misinkhu yosiyanasiyana. Dokotala amasankha kokulirapo pang'ono kuposa chipseracho, amakazungulitsa, n'kuchotsa chipsera chonse mpaka pamafuta a pansi, kenako amasoka ndi ulusi wopyapyala ngati tsitsi, kamodzi kapena kawiri. Chinsinsi chili pa mbali imene kamzereko kaloza. Nkhope ili ndi mizere yake yachibadwa, imene makwinya amatsata munthu akamaseka kapena kukwinya. Kamzere kogona motsatira mizere imeneyi kamabisala, kopingasa kamatambasuka n'kuonekera. N'chifukwa chake dokotala wabwino amakuuzani kuti mumwetulire, mukwinye, mutukule nsidze asanalembe ndi cholembera pomwe adule.

Chipsera chikaposa mamilimita 3 kapena 4, kusoka bowo lozungulira kumasiya timakutu totukuka kumapeto. Apo amadula ndi mpeni mooneka ngati tsamba la bulugamu, losongoka mbali zonse, ndipo kutalika kwake kumakhala pafupifupi katatu kuyerekeza ndi m'lifupi. Imvani bwino pamenepa: kadzenje ka mamilimita 5 kadzasanduka mzere wa pafupifupi mamilimita 15. Pemphani kuti akujambulireni mzerewo pankhope, muuone pagalasi, musanavomere. Pansonga ya mphuno ndi pomwe khungu lili lamafuta kwambiri mizere yotere imakonda kutambasuka.

Punch elevation ndi ya boxcar imene pansi pake pali khungu labwino, la mtundu wofanana ndi lozungulira. Amadula mozungulira koma osachotsa, amakweza kachidutswako kufika pa mulingo wa khungu linzake, n'kukagwiriza ndi ulusi kapena kapulasitala. Palinso punch graft, pomwe amatenga kachikopa kuseri kwa khutu n'kutsekera bowolo. Imeneyi ine sindingailimbikitse msanga kwa munthu wakuda, chifukwa kachigambako kamatha kusiyana mtundu ndi khungu lozungulira, ndiponso mwatsegula bala lachiwiri pafupi ndi khutu, malo okonda keloid.

Tsopano za kabotolo ka mayi wa kusaluni uja. Njira yodontheza asidi ilipodi, dzina lake ndi TCA CROSS, ndipo inafotokozedwa ndi madokotala a ku South Korea mu 2002. Amagwiritsa ntchito trichloroacetic acid wamphamvu kwambiri, wa 65 mpaka 100 peresenti. Amanyika kamtengo kosongoka n'kukhudza pansi penipeni pa kabowo, osakhudza m'mbali. Malowo amayera ngati phulusa, pamachita nkhanambo imene imagwa yokha pakatha sabata kapena kuposerapo, ndipo kabowo kamadzaza pang'onopang'ono akabwereza kangapo motalikitsa milungu 4 mpaka 6. M'manja mwa dokotala wodziwa imathandiza pa ice pick. Koma kadontho kamodzi kakatsetsereka kamawotcha khungu labwino, kadzenje n'kukula kuposa kale, ndipo pafupi ndi diso ndi ngozi yeniyeni. Banga lakuda pambuyo pake ndi lofala pakhungu lathu ngakhale zonse zitayenda bwino. Musagule asidi ameneyu pa intaneti, ndipo musalole kuti akudonthezeni munthu wosaphunzira zachipatala.

Za filler ndinene mwachidule. Amabaya mankhwala odzaza malo olowa mkati, otchedwa hyaluronic acid, pansi pa chipsera chofewa kuti chitukuke, zotsatira n'zapompopompo, koma amasungunuka pakapita miyezi 6 mpaka 18 ndipo mumalipiranso. Akalowa mumtsempha wa magazi, makamaka pamphuno ndi pakati pa nsidze, amatha kupha khungu kapena kuchititsa munthu kusaona, choncho si za m'saluni. Ena amasamutsa mafuta a pamimba panu kudzaza malo aakulu olowa mkati. Laser ndi microneedling, njira yobayabaya khungu ndi tisingano tating'ono tambiri, zimathandiza kusalaza m'mbali mwa zipsera zosazama kapena kumalizitsa pambuyo pa opaleshoni, koma pa kadzenje kamodzi kozama sizikwanira pazokha. Ndipo wina akafuna kubaya steroid, monga triamcinolone, m'chipsera cholowa mkati, kanani. Ameneyo ndi wa zipsera zotupa, ndipo m'kadzenje amangokazamitsa.

Sankhani tsiku mwanzeru

Musachite opaleshoni kutatsala milungu yochepa kuti mukhale ndi ukwati, chinkhoswe kapena mwambo wolandira digiri. Pa mwezi woyamba ndi wachiwiri kamzere kamaoneka koipa kuposa kadzenje kamene munali nako. Siyani miyezi 6 pakati. Kuno ku Mzuzu miyezi yozizira ya Juni ndi Julaye ndi yabwino, chifukwa thukuta limachepa ndipo pulasitala amagwira, koma mitambo ndi nkhungu zathu zisakunamizeni. Tili pamtunda wa mamita oposa 1,200, ndipo dzuwa limadetsa chipsera ngakhale kunja kuli chiperoni.

Patsikulo idyani bwinobwino, pitani ndi nkhope yosadzola kanthu, ndipo abambo musamete ndi lezala pamalopo m'mawa womwewo.

Kusamala bala, pomwe ambiri amaonongera

Tsiku loyamba ndi lachiwiri bandeji isanyowe. Magazi akamadontha, kanikizani ndi kansalu koyera kwa mphindi 10 osasuzumira. Pa ululu imwani panado. Gonani mutu uli pamwamba pang'ono, osagonera mbali yodulidwayo. Pambuyo pake tsukani mofatsa ndi madzi owiritsa ozizira ndi sopo wosanunkhira, pukutani mongokhudza, n'kupaka vaselini pang'ono kuti pasaume. Bala lonyowa pang'ono limapola bwino kuposa lochita nkhanambo yolimba. Sipiriti, mandimu, mankhwala otsukira mano, phulusa kapena utomoni wa mtengo uliwonse zisafikepo, ngakhale azakhali atalimbikira bwanji.

Ulusi wa pankhope amachotsa pakatha masiku 5 mpaka 7. Musadumphe tsikuli, chifukwa ulusi wokhalitsa umasiya timadontho m'mbali mwa mzere ngati njanji. Ukachoka, bala limakhala lidakali lofooka kwambiri, ndipo ngakhale litapola kotheratu limangofika pafupifupi 80 peresenti ya kulimba kwa khungu losavulala. N'chifukwa chake madokotala amamatapo timapulasitala topyapyala kwa milungu ina ingapo kuti mzere usatambasuke. Mpira, kunyamula katundu wolemera ndi kuwerama nthawi yaitali pochapa zidikire milungu iwiri. Osuta fodya asiye milungu ingapo opaleshoni isanachitike komanso itachitika, chifukwa fodya amachepetsa magazi ofika pabala.

Bala likatsekeka kotheratu, patapita pafupifupi milungu iwiri, mutha kuyamba kupaka silicone gel, mafuta ofewetsa ndi kusalaza zipsera, tsiku lililonse kwa miyezi 2 kapena 3, ndi kusisita mofatsa ndi nsonga ya chala. Chofunika koposa ndi kuteteza ku dzuwa: mafuta oteteza a SPF 30 kapena kuposa m'mawa uliwonse, ndi chipewa cha mlomo waukulu mukamayenda masana, kwa miyezi 6 kapena chaka. Inde, ngakhale ife akuda. Banga likada musathamangire mafuta oyeretsa a mumsika. Bwererani kwa dokotala akupatseni oyenera ndi muyezo wake.

Thamangirani kuchipatala mukaona ululu ukukula m'malo mochepa pakatha masiku awiri, kutupa kotentha, mafinya, kutentha thupi, kapena bala litatseguka. Ndipo m'miyezi yotsatira, kamzere kakayamba kuyabwa, kulimba ndi kutukuka, musadikire kuti muone. Keloid yongoyamba kumene imagonja msanga ku jakisoni kusiyana ndi yokhwima.

Mng'ono wanga anapita kuchinkhoswe chake ndi kadzenje kake, atangopakapo paudala. Dokotala amene tinaonana naye anatambasula tsayalo ndi zala, anayang'ana makutu ake oboola ndi chipsera cha katemera paphewa, n'kunena kuti, "Achemwali, aka ndi ka punch, koma mubwere zikondwerero zikatha." Anamudula mu Juni, ulusi uwiri, ndipo anakachotsa patsiku la 6. Mwezi wachiwiri analira, chifukwa kamzereko kanada kuposa khungu lonse. Tsopano papita miyezi 8. Tikayatsa tochi chapambali monga tinachitira poyamba, kamzereko kamaoneka, kakafupi ngati kambewu ka mpunga, koderako pang'ono, koma mthunzi uja palibe. Chipewa akuvalabe akamakwera kabaza kupita kuntchito ku Katoto, ndipo dokotala anati adzamuonenso chaka chikakwana.